Oyeza kolozetsa msewu wa ndege: pamphepo akhoza, panthaka ayi

Lipoti lomwe tikuunika pano ndi la kampani ina yoyeza malo ya muno mu Lusaka, lokhudza kabwalo ka ndege ka pafamu cha ku Chongwe. Anayerekeza mizere itatu yomwe msewu wa ndege ungatsate: 10/28, 13/31 ndi 18/36 (nambalazi zimasonyeza mbali za kampasi kumene msewu waloza).

Pamphepo agwira ntchito yooneka. Atenga zolemba za mphepo za zaka zisanu, monga ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, imanenera, n'kujambula wind rose, chithunzi chosonyeza mbali zimene mphepo imachokera kawirikawiri. Lamulo ndi loti ndege izitha kutera nthawi 95 pa 100 iliyonse popanda mphepo yopingasa yopitirira malire, ndipo kwa tindege tofuna msewu wosafika mamita 1,200 malirewo ndi makilomita 19 pa ola. Poti mphepo ya kuno imachokera kum'mawa miyezi yambiri, mzere wa 18/36 unagwa msanga. Asankha 10/28, wofanana ndi wa pa Kenneth Kaunda International Airport. Akumbukiranso kuti wind rose imatsata kumpoto kwenikweni pomwe nambala za msewu zimatsata kampasi. Ambiri amasokoneza apa, mzere n'kupendekeka ndi madigiri angapo.

Mapu a dironi ndi oyera. Nthambo za magetsi za ZESCO, mitengo ya bulugamu ndi chulu chachikulu cha kumadzulo, zonse zaoneka ndi kutalika kwake.

Pautali wa msewu ndiye pavuta. Alemba mamita 800, ngati kuti bwaloli lili m'mbali mwa nyanja yamchere. Malowa ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200, mpweya ndi wopepuka, ndege imathamanga nthawi yaitali isananyamuke. Mumawonjezera 7 peresenti pa mamita 300 alionse okwera, kenako 1 peresenti pa digiri iliyonse yopitirira kutentha koyenera pamtundapo. Ndi dzuwa la October lija lofika madigiri 30, mamita 800 amasanduka pafupifupi 1,250. Ndiye onani chimene chikuchitika: mamita 450 owonjezerawo pa 10/28 akukathera m'dambo. Dothi lakuda la m'dambo limafufuma mvula ikagwa, chilimwe n'kung'aluka, ndipo gelevulo woikidwa pamwamba pake sachedwa kutitimira. Mzere wa 13/31, womwe anautaya chifukwa cha kusiyana kochepa pamphepo, uli pamtunda wouma kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Maenje oyesera nthaka akumba awiri okha, onse pakati. N'zochepa zimenezo. Pafunika DCP (kuyesa kulimba kwa nthaka pokhomera chitsulo pansi) pa mamita 100 alionse ndi zotsatira za CBR (muyeso wa mphamvu ya dothi yonyamula zolemera), makamaka kumapeto konse kuwiri kumene ndege imagunda pansi ndi kutembenukira.

Za mbalame sanatchule n'komwe, chonsecho damu la mthirira lili pafupi, ndipo madzi amakopa mbalame zomwe zingawombane ndi ndege.

Ngati ndinu eni bwalo, kuwalemba ntchito oyezawa mutha kuwalemba, koma musanalipire gawo lomaliza auzeni aike m'lipoti utali wowerengedwa bwino, kutsetsereka kwa msewu kosapitirira 2 peresenti, ndi zoyesa nthaka pa mzere uliwonse, osati wosankhidwa wokha. Mapepalawo ndi amene mudzanyamule popita ku Zambia Civil Aviation Authority ndi ku ZEMA, bungwe loona za chilengedwe.