Makosi a uphungu wa anthu a BDSM: yotchipa ija inandidyera ndalama

Aphungu anzanga kuno ku England akhala akundifunsa komwe ndinaphunzira zothandiza anthu okonda kink ndi BDSM, aja amene kuchipinda amamangana zingwe, kukwapulana kapena wina kulamulira mnzake atagwirizana okha. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp.

Ndiyambe ndi imene inandiwawa, kosi yotchipa ya pa intaneti, dzina ndisatchule. Mavidiyo ake anali ongomasulira mawu: dom (wolamulira) ndi ndani, sub (wolamuliridwa) ndi ndani, safeword (mawu oimitsira masewero) n'chiyani, zoti aliyense amazipeza pa Google. Nditamaliza, akuti satifiketi yosonyeza maola anga a CPD (maphunziro oonjezera luso pantchito) ndilipire padera, zomwe sananene pogula. Ndinalipira mtima ukuwawa.

Manyazi enieni anabwera pambuyo. Mayi wina wodzalandira uphungu anapinda juzi n'kundionetsa mikwingwirima pamkono, maso ali pankhope panga kuti aone ngati ndinyansidwe. Anati anachita kugwirizana ndi mwamuna wawo. Ine kakasi. Ndiwafunse chiyani kuti ndisiyanitse masewero ndi nkhanza? Ndani anayambitsa nkhaniyi, akati "basi" bamboyo amasiyadi, nanga kunja kwa chipinda amamuopa? Mafunso amenewa ndawadziwa pano, kosi ija sinawakhudzeko. Tsikulo ndinangoti "ohoo" n'kumalemba zopanda mutu m'kope. Mayiwo sanabwerenso.

Za malamulo ndiye ziii. Kosiyo inakonzedwera aphungu a ku America, choncho sinatchule mlandu wa R v Brown wa 1993, pomwe House of Lords, yomwe panthawiyo inali khoti lalikulu kwambiri kuno, inagamula kuti munthu akavulazidwa m'masewero otere, kunena kuti anavomera sikupulumutsa womuvulazayo. Domestic Abuse Act ya 2021 inalemba mfundoyi m'lamulo ku England ndi Wales. Phungu wa kuno osadziwa zimenezi angaike munthu m'mavuto.

Zopweteka n'zakuti zaulere zinaiposa. Malangizo a Kink Clinical Practice Guidelines a 2019 ali ndi mfundo 23 ndipo amapezeka pa intaneti osalipira kanthu. Amatsindika kuti kukonda kink si matenda komanso si umboni woti munthu anazunzidwa ali mwana. DSM-5 ya 2013, buku la ku America la matenda a maganizo, inasiyanitsa kale chilakolako chachilendo ndi matenda, ndipo ICD-11, kaundula wa matenda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2022, inachotsa sadomasochism (kusangalala ndi kupweteka kapena kupwetekedwa) yogwirizana pamndandanda wa matenda. Kungoti pepala silikuona nkhope yako ikamachita tsinya.

Tsinyalo limachotsedwa ndi SAR, maphunziro ounika momwe iwe mwini umaonera za kugonana, omwe AASECT, bungwe la ku America la aphungu ndi aphunzitsi a za kugonana, limafuna kwa aliyense wofuna satifiketi yawo. Mumakhala pagulu, kuonera zithunzi ndi mavidiyo osabisa kanthu, kenako aliyense n'kunena zomwe wamva mumtima. Kwa ife okulira m'tchalitchi, omwe za kuchipinda tinazimvera kwa anankungwi okha, thukuta limatuluka. Koma satifiketi yonse ya AASECT ndi ulendo wautali, ndipo kuno sindinafunsidwepo.

Mtima wanga uli ku Pink Therapy ya ku London, yomwe Dominic Davies anaiyambitsa mu 1999. Ndikukondera, sindikana. Amaphunzitsa kink pamodzi ndi nkhani zina za kusiyana kwa anthu pa kugonana ndi maubwenzi, zomwe amazitcha GSRD, ndipo ndi anthu ogwira ntchito pansi pa malamulo omwewa a kuno. Imafuna nthawi, si ya madzulo amodzi.

Ena mumandifunsa za Kink Aware Professionals ya NCSF, bungwe la ku America lomenyera ufulu wa anthu ngati a BDSM. Imeneyo si sukulu, ndi mndandanda womwe munthu amadzilembetsa yekha, ndiye dzina kupezekapo si umboni woti anaphunzira.

Ngati ndalama zavuta, werengani malangizo aulere aja, zotsalazo mulipire supavaiza, phungu wamkulu wounika ntchito yanu, amene anagwirapo ntchito ndi anthu a BDSM. Wanga, tsiku loyamba, anandiuza kuti ndibwereze nkhani ya mikwingwirima ija ndikudziyang'ana pagalasi.