Foni, DSLR ya salaula kapena kakamera ka m'thumba: chojambulira misewu ya Chipata n'chiti?

Chaka chilichonse Nc'wala ikamayandikira, mafunso amayamba kugwa pa WhatsApp: "Achimwene, ndigule kamera yanji?" Ambiri mwa ofunsawo aona zithunzi za m'misewu ya Tokyo ndi New York pa Instagram, ndiye akufuna kuti msika wa Kapata ndi Down Shops zionekenso chimodzimodzi. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa. Zimene munthu wa kuno angaganizire zilipo zitatu: foni imene muli nayo kale, DSLR (kamera yaikulu yosinthika malenzi) yogwirapo kale ntchito, ndi timakamera ta m'thumba ngati Ricoh GR ndi Fujifilm X100. Za ma megapixel sindinenapo, wogulitsa aliyense akuuzani musanamufunse.

Timakamera ta m'thumba ndithane nato msanga. N'tabwino, sindikana. Daido Moriyama wa ku Japan watchuka dziko lonse pojambula misewu ya Shinjuku ndi timakamera tating'ono ta Ricoh. Koma Fujifilm X100VI itatuluka mu 2024 mtengo wake unali madola 1,599, ndipo kuti ifike m'manja mwanu muwonjezerepo ndalama yotumizira, msonkho wa kasitomu ndi VAT ya 16 peresenti. Ricoh GR III batire yake imatha ikajambula zithunzi pafupifupi 200, komanso lenzi yake siichoka, moti fumbi likalowa mkati simungalipukute nokha. Amene anafikapo ku Mkaika mu Ogasiti pa tsiku la Kulamba, Gule akupalasa pansi, akudziwa fumbi limene ndikunena. Ndalama ngati zilipo zotaya, gulani. Ine ayi.

Foni ili ndi mphamvu imodzi imene anzanga amaipeputsa: palibe amene amaiopa. Akatswiri akale a zithunzi za m'misewu ankavutika ndi chinthu chomwechi, kuti anthu asaone kamera. Henri Cartier-Bresson, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe la ojambula zithunzi la Magnum mu 1947, ankamata tepi yakuda pa kamera yake ya Leica kuti isanyezimire. Vivian Maier ankayenda m'misewu ya Chicago kamera ya Rolleiflex ili pamimba, iye akuyang'ana pansi ngati sakujambula aliyense. Ernest Cole wa ku South Africa, nthawi ya tsankho, ankabisa kamera m'thumba la chakudya kuti alowe nayo kumigodi. Ife lero tingoimirira pafupi ndi anyamata a njinga zonyamula anthu, foni ili m'manja, ndipo aliyense akuganiza kuti tikuwerenga uthenga. Tayesani kutulutsa kamera yaikulu pa Kapata. Amayi a tomato aphimba nkhope ndi chitenje, wina akuwa kuti "Mupita nazo kuti zithunzi zathu?", wina afuna mumulipire kaye. Chithunzi chimene munachiona chathawa.

Sindikunena kuti muzibera anthu nkhope. Perekani moni, gulani mulu umodzi wa tomato, ndipo mukajambula muwaonetse. Ndi foni zimenezi n'zosavuta, mwinanso mutumiza pomwepo. Potumizapo sankhani "document", apo ayi WhatsApp ichifinya chithunzicho.

Pamene foni imagwa ndi patali ndi padzuwa. Mu Okutobala galasi lake silioneka masana, ndipo imatentha mpaka kukana kujambula. Mukapita ku Mfuwe, kambuku ali pamtengo tsidya la Luangwa, mukakoka ndi zala mupeza kadontho kachikasu basi. Ndiye foni yomweyo ndi tochi, ndi banki, ndi yoimbira kunyumba, ndipo chaka cha 2024 chinatiphunzitsa kuti magetsi akhoza kupita tsiku lonse.

Tsopano DSLR, imene ndimaikonda koma inandiliza. Ndinagula Nikon D3200 kwa munthu wina wa ku Lusaka amene ankatsatsa pa intaneti. Anati akundiikirapo lenzi ya 50mm f/1.8 "ya akatswiri", ndiwonjezereko pang'ono chabe. Katundu anabwera pa basi ali wokulungidwa bwino. Nditaika lenziyo n'kukanikiza batani, zii. Siikuzungulira, siikufunafuna, chithunzi chili mbuu. Nditamuimbira anati vuto ndi ine, sindidziwa kujambula. Tsiku lotsatira foni yake inasiya kupezeka.

Lenziyo sinali yakufa. Nkhani yake ili motere, ndipo wogulitsa uja ankaidziwa bwinobwino. Makamera a Nikon a gulu la D3000 ndi D5000, omwe ndiwo achuluka pa salaula, alibe kainjini kozunguza lenzi m'thupi mwawo. Amadalira lenzi yokhala ndi kainjini kakekake, yolembedwa AF-S. Lenzi zakale zokhala ndi chilembo D kumapeto, ngati 50mm f/1.8D imene ndinapatsidwa, zimalowa bwinobwino pa kamerayo koma muyenera kuzunguza ndi dzanja. Munthu atakhala pampando, zitheka. Njinga yodutsa ndi matumba a makala siikudikirani.

Chachiwiri chimene sanandiuze: kamera zimenezi sensa yake (kachipangizo ka mkati kolandira chithunzi) ndi yaing'ono, moti nambala ya lenzi muichulukitse ndi 1.5. Choncho 50mm imaona ngati 75mm, yopapatiza kwambiri. M'tinjira ta mumsika mumabwerera m'mbuyo mpaka kuponda nsomba za eni, koma munthuyo osakwanabe m'chithunzi. Imene imaona ngati 50mm imene Cartier-Bresson ankagwiritsa ntchito ndi 35mm f/1.8G DX. Ndinaigula payokha, ndipo apa m'pamene kamera "yotchipa" ija inasiya kutchipa. Batire imene inabwera nayo inalinso yachinyengo, inatupa isanakhalitse.

Musanalipire, uzani wogulitsa ajambule chithunzi chimodzi ndi kamerayo n'kukutumizirani osachisintha. Nikon imalemba m'chithunzi momwemo kuti shata (kachitseko kotseguka pojambula) yalira kangati, ndipo pa intaneti pali masamba aulere owerengera nambalayo. D3200 anaiyesa kuti ifike pa 100,000. Kamera ya munthu wojambula maukwati Loweruka lililonse ingakhale yonyezimira kunja koma mkati itakalamba. Ku Canon vuto la kainjini kulibe, chifukwa lenzi zawo za EF zakhala ndi kainjini mkati kuyambira 1987, koma nambala ya shata siipezeka mophweka chonchi. Anzanga a Canon amandiseka pa nkhani ya lenzi, ine ndimawaseka pa imeneyi.

Ndi zonsezo, pa Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni simudzandipeza ndi foni. Impi zikamavina ngoma pamaso pa Inkosi ya Makosi Mpezeni, zishango ndi nthenga zili m'mwamba, ndimaika liwiro la shata la 1/1000 ya sekondi, diso lili pakabowo, ndipo dzuwa silindisokoneza. Phazi limagwidwa lisanafike pansi. Batire yeniyeni imatha tsiku lonse osadandaula. Ya Nikon D3500 analemba kuti imafika zithunzi 1,550. Mukapeza lenzi ya 70-300mm, kamera yomweyo ipita nanu ku South Luangwa. Kulemera ilemera, khosi limadziwa madzulo, ndipo lenzi musamasinthire pabwalo pomwe pali fumbi.

Ndiye mundifunse kuti mugule chiyani. Ngati cholinga ndi misewu, msika ndi ulendo wa pa basi mu Great East Road, sungani ndalama zanu, gulani power bank yabwino, jambulani ndi foni m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Ngati mtima uli ku Nc'wala, ku Kulamba ndi ku Mfuwe, gulani DSLR ya salaula ndi 35mm ya AF-S, koma muigwire ndi manja anu, muimve ikuzungulira yokha musanatulutse ngwee. Za pa basi zija ayi.

Zonse zitatu zili ndi malo amene zimayenera kukhala m'thumba. Pa malire a Mwami, pa rodibuloko ndi pafupi ndi asilikali musajambule. Ku Gule Wamkulu, ngakhale UNESCO inamulemekeza mu 2005, pabwalo la Kulamba ndi pena, kumudzi ndi penanso. Mukakumana ndi zilombo panjira, patukani, ndipo funsani akuluakulu a pamalopo musanaloze chilichonse.