Kuvulala Popita ku Ntchito: Chipukuta Misozi Kapena Inshuwalansi Yanuyanu?

Ndalama za chipukuta misozi cha ogwira ntchito amasonkha ndi olemba ntchito, pomwe inshuwalansi ya ngozi mumalipira nokha.

Nkhani imavuta mukavulala panjira. Ku Germany ndi ku France wovulala popita kapena pochokera ku ntchito amalipidwa, koma m'zigawo zambiri za United States amakanidwa pokhapokha ngati anatumidwa kapena anakwera galimoto ya kampani. Ngakhale kumene lamulo limalola, kupatuka kukagula zanu kungakutayitseni ufuluwo, zomwe ambiri amazindikira mochedwa.

Inshuwalansi yanuyanu sifunsa kumene munkapita, koma imapereka ndalama zolembedwa m'pangano basi.

Chipukuta misozi chimakwanira onyamulidwa ndi kampani. Oyenda mtunda wautali panjinga yamoto, makamaka odzilemba okha ntchito, ayenera kugula inshuwalansi.