Lovable: Kupanga App Usakudziwa Kulemba Code

Lovable, yopangidwa ndi kampani ya ku Sweden, imakupangirani app ya pa intaneti mukangoifotokozera zomwe mukufuna m'mawu wamba. Kwa ongoyamba kumene ndi yabwino zedi, bola kudziwa kuiyendetsa.

Musaiuze zonse nthawi imodzi. Yambani ndi tsamba limodzi, mwachitsanzo fomu yolembapo dzina la kasitomala, katundu ndi mtengo. Liyeseni kaye, kenako muwonjezere china. Mukaunjika zambiri mu uthenga umodzi, imakonza apa n'kuwononga apo, pomwe kubwerezabwereza kumadya ma credit (mayunitsi omwe amatha mukamaitumizira mauthenga), amene pa pulani yaulere ndi ochepa kwambiri.

Ambiri amapunthwa posunga deta. Mukailumikiza ku Supabase (malo osungirako deta ya app pa intaneti), onetsetsani kuti Row Level Security, chitetezo chomwe chimaika malire a deta yomwe munthu aliyense angaone, yayatsidwa pa tebulo lililonse la deta. Kupanda kutero, munthu wachilendo atha kuwerenga manambala a foni a makasitomala anu ngakhale tsambalo likuoneka lotetezeka. Tsegulani maakaunti awiri oyeserera, muone ngati wina akuona za mnzake.

Ilumikizeninso msanga ku GitHub (malo osungirako code pa intaneti) kuti code ikhale m'manja mwanu. Dziwaninso kuti app yake imatsegulidwa mu browser. Kuiika pa Play Store n'ntchito ina yapadera.