Aqua, Fit, Note kapena Prius: wamtali akhala bwanji kumbuyo?

Mwezi wa Ogasiti tinapita ku chinkhoswe ku Dedza pa kagalimoto kobwereka. Kutsogolo tinakhazika amalume, monga mwa ulemu wake, ndipo achimwene anga, omwe ndi aatali mamita 1.88, anapanikizana kumbuyo ndi azakhali. Tisanafike n'komwe pa Nathenje anali atayamba kale kutembenukatembenuka. Pofika pa Linthipe anati, "Aphwanga, taimani kaye, miyendo yachita dzanzi." Atatsika anatenga kanthawi akuwongola khosi m'mbali mwa msewu, chifukwa ulendo wonsewo anakhala chopendekera, mutu utatsamira galasi. Zinandimvetsa chisoni. Choncho nthawi yogula yangayanga itakwana, ndinawatenga achimwenewo kuti tikaonere limodzi, iwo azikhala kumbuyo, ine kutsogolo.

Ambirife tikamasankha hybrid yaing'ono, galimoto yogwiritsa ntchito petulo ndi magetsi a m'batire, timafunsa za mafuta basi. Nzoona, aliyense amene anagonapo pamzere wa petulo muno mu Lilongwe sangachitire mwina. Koma galimoto kwathu kuno si ya munthu mmodzi. Imanyamula apongozi, imapita kumaliro, Lamulungu imadzaza mpaka kutchalitchi. Amene amalawa ubwino kapena kuipa kwake ndi wakumbuyo.

Ndiyambe ndi ziwiri zimene zadzaza m'misewu yathu, Toyota Aqua ndi Honda Fit Hybrid. Ndikunena Aqua yoyamba ija, imene inatuluka ku Japan kumapeto kwa 2011, ndi Fit ya mtundu wotchedwa GP5 ya kuyambira 2013. Mukaona papepala mungaganize kuti Aqua ndiyo yotakasuka. Kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo ili ndi mamilimita 2,550, pamene Fit ili ndi 2,530. Kutalika kwa galimoto yonse nakonso Aqua ikuposa pang'ono, 3,995 kwa 3,955. Koma mukalowa mkati nkhani imatembenuka, ndipo chinsinsi chagona pa denga ndi pa thanki ya mafuta.

Aqua ndi yaifupi msinkhu, mamilimita 1,445 okha kuchokera pansi, pamene Fit imafika 1,525. Masentimita 8 amenewo amaoneka ochepa mukamawerenga, koma ndiwo amasiyanitsa kukhala mowongoka ndi kukhala chowerama. Anaipanga dala yotsika choncho kuti isamalimbane kwambiri ndi mphepo, n'chifukwa chake imamwa mafuta pang'ono. Komanso batire lake ndi thanki zonse zili pansi pa mpando wakumbuyo, ndiye mpandowo sungatsike kupitirira pamene ulipo. Pansi pali batire, pamwamba denga likutsetsereka cha kumbuyo, wamtali ali pakati. Kwa ana asukulu kapena munthu wa msinkhu wapakati palibe vuto ngakhale pang'ono. Koma munthu wopitirira mamita 1.80 amayamba kutsetsereka pampando kuti mutu upeze malo, ndipo akatero maondo amapita kukagunda mpando wakutsogolo.

A Honda anachita zosiyana. Thanki anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, batire pansi pa buti, kusiya pansi pa mpando wakumbuyo popanda kanthu. Mutha kuukweza m'mwamba mpandowo n'kuimika mtolo wa nzimbe kapena kathumba ka chimanga pamenepo. Kwa wamtali phindu lake ndi lakuti umakhala ngati pa mpando wapanyumba, msana uli chilili, miyendo ikutsikira pansi m'malo motambasukira kutsogolo. Achimwene atakhalamo, ine nditakonza mpando wa dalaivala monga ndimayendetsera, panatsala malo a chibakera pakati pa bondo ndi mpando, ndipo dzanja linkalowa pamwamba pa mutu. Pansi pa mpando wakutsogolo pamakwera pang'ono chifukwa cha thanki ija, ndiye mapazi amatsamira pokwerapo. Ena zimawasangalatsa, ena ovala nsapato zazikulu amaona ngati zala zikusowa kolowera.

Ndisabise mbali ina ya Fit imeneyi. Giyabokosi yake ndi ya magiya 7 yokhala ndi makilatchi awiri, ndipo zoyambirira za 2013 ndi 2014 kampani inaziitanitsa kangapo kuti zikakonzedwe. Amakaniko ambiri amachenjeza kuti siikonda kukwawa pang'onopang'ono nthawi yaitali, ngati mmene zimakhalira pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe madzulo anthu akaweruka. Aqua pamenepa ilibe nkhawa, zipangizo zake n'zosavuta kupeza ndipo amakaniko anaizolowera. Ndiye musaganize kuti ndikuinyoza. Ndikungonena kuti mphamvu zake sizili kumpando wakumbuyo. Aqua yatsopano ya 2021 anaitalikitsako pakati pa matayala kufika 2,600, koma mtengo wake ndi nkhani ina.

Imene inatidabwitsa ndi Nissan Note e-Power, imene inayamba kugulitsidwa mu Novembala 2016. Kunja imaoneka wamba, koma ndi yaitali mamilimita 4,100, ndipo pakati pa matayala pali 2,600. Malo a maondo ndi ochuluka kuposa zinzake ziwirizi, moti achimwene anakhala momasuka ngati ali pa sofa. Denga lake ndi lokwera pafupifupi mofanana ndi la Fit, kotero mutu nawo uli pamtendere. Zitseko zakumbuyo zimatseguka kwambiri, chinthu chothandiza mukamakweza agogo a nyamakazi. Batire lake lili pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye mapazi salowa patali pansipo, koma poti malo a maondo ndi ambiri kale, simudandaula kwenikweni. Chofunika kudziwa n'chakuti injini yake ya malita 1.2 siyendetsa matayala. Ntchito yake ndi kupanga magetsi, ndipo mota ndiyo imakoka galimoto. M'tauni, kuchoka ku Area 25 kupita ku City Centre, imapulumutsa mafuta bwino. Pamsewu wautali wa M1 mukamathamanga, injini imalira nthawi zambiri ndipo phindu lija limachepa. Funsaninso kaye ngati makaniko wanu anaigwirapo.

Prius ndingoidutsa mwachangu, poti ndi yaikulupo ndipo ena saiwerengera gulu limeneli. Ya 2009 mpaka 2015 ili ndi mamilimita 2,700 pakati pa matayala, miyendo imatambasuka bwino. Koma denga lake limatsika ngati phiri cha kumbuyo, ndipo yotsatira yake ya kumapeto kwa 2015 anaitsitsanso kufika 1,470. Wa miyendo yaitali koma thupi lalifupi aikonda. Wa msana wautali aziwerama polowa ndi pokhala pomwe.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti kutalika kuli pawiri. Pali ena amatalika miyendo, ena amatalika kuchokera m'chiuno kupita kumutu. Woyambayo afune Note, wachiwiriyo afune Fit kapena Note yomweyo. Ndipo tisaiwale amayi athu. Mayi wa msinkhu wapakati akamanga duku lalitali kapena akaluka tsitsi lounjika pamwamba popita ku ukwati, amafuna malo a mutu ngati munthu wa mamita 1.85.

M'lifupi musayembekezere zodabwitsa. Aqua, Fit ndi Note zonse ndi mamilimita 1,695, chifukwa ku Japan galimoto za gulu laling'ono sizipitirira 1,700. Akuluakulu atatu kumbuyo apanikizana mapewa kulikonse, kaya mwagula iti.

Chinthu china kwa a Aqua: m'munsi mwa mpando wakumbuyo muli kabowo kolowera mpweya woziziritsa batire. Anthu akapanikizika amaponya zikwama, zitenje ndi majumbo pomwepo. Musalole, ndipo ndi fumbi lathu la Seputembala ndi Okutobala muzikayeretsa kawirikawiri, apo ayi batire limatentha n'kufooka msanga.

Vuto lathu ndi lakuti ambiri timasankha galimoto pa zithunzi za pa intaneti, n'kuidikira idutse ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, osakhalamo ngakhale kamodzi. Musanatumize ndalama, pezani ya mtundu womwewo muno m'tauni, kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu kapena kwa mnzanu. Konzani kaye mpando wa dalaivala monga mumayendetsera, chifukwa ukakankhidwira kutsogolo galimoto iliyonse imaoneka yotakasuka. Wamtali wanuyo akhale msana utagunda mpando, atseke chitseko, amange lamba. Ngati mwiniwake alola, dutsani pa hampu imodzi. Mutu umene unali ndi zala ziwiri zokha pamwamba umagunda denga pamenepo.

Ine ndinatenga Fit ya zaka zakumapeto kwa mtundu wa GP5, makamaka chifukwa cha mpando wokwezeka uja, ngakhale achimwene mtima wawo unali pa Note. Ulendo woyamba tinapita ku Salima, iwo kumbuyo. Tinaima kamodzi kokha, kugula chimanga chootcha, ndipo iwo sanatsike.