Kangolo ka madzi otsukira mawindo n'kabwino, koma wogulitsa anandichititsa manyazi

Ndadikira miyezi isanu ndisanalembe ndemanga iyi, chifukwa ndikanalemba sabata yoyamba ija bwenzi muli mawu oipa okhaokha. Ndikunena kangolo kaja ka chigubu cha malita 25, ka pampu ya 12V ndi kabokosi ka manambala kowongolera madzi, kamene ambiri timangoti trolley.  Ndalama yake munthu amaiganizira kawiri asanaitulutse, ndipo ukawonjezera ndodo yaitali yokweza madzi kuti uzitsuka uli pansi, bulashi ndi resin (timibulu tochotsa mchere m'madzi), m'thumba mumatsala mphepo.

Ndatsuka mawindo pa makwerero kwa zaka zambiri, mpaka bondo lakumanzere linayamba kukana. Thanki ya m'galimoto sindikanaikwanitsa. Malita 400 ndi makilogalamu 400 a madzi okha, galimoto yanga ndi yaing'ono, komanso makasitomala anga ambiri ali ndi mawindo akuseri kumene payipi yochokera pamsewu singafike. Chigubu chobereka kumsana ndinabwereka kwa mnzanga tsiku limodzi, msana unandiuza zoona madzulo ake. Ndiye ndinasankha kangolo.

Pogula ndinafunsa funso limodzi lomveka bwino. Ndinauza mnyamata wa pakauntala kuti ndodo yanga ndi ya mamita 9 ndipo ndili ndi ntchito ya nyumba yosanja katatu, kodi pali china choti ndikonze pa kabokosi kaja ndisanayambe? Anayankha maso ali pafoni. Anati, "Bambo, zonse tinatchera kale, mungothira madzi n'kuyatsa basi." M'katoni munali kapepala kamodzi kojambula mmene ungamangire chogwirira. Buku la malangizo a kabokosi munalibe.

Ntchito ija inali yatsopano, yoti ndinaifunafuna miyezi yambiri: nyumba ya maofesi yokhala ndi bwalo kuseri, lolowera pa kageti kopapatiza. Mayi oyang'anira nyumbayo anatuluka kudzaona, popeza ndinali nditawauza kuti sindidzatsamiritsa makwerero pa khoma lawo lopentedwa kumene. Mawindo apansi anayenda bwino kwambiri, madzi akutuluka myaa, ine mtima uli m'malo. Nditatalikitsa ndodo kufika pamwamba penipeni, madzi anatuluka pang'ono n'kudukiza. Pampu inalira n'kukhala chete, kenako n'kuliranso. Pa kabokosi panayamba kuthwanima zilembo ziwiri, DE, zimene sindinkadziwa tanthauzo lake. Ndikafupikitsa ndodo madzi ankabwera, ndikaitalikitsa ankasiya. Ndinayang'ana batire, inali yodzaza. Ndinayang'ana ngati payipi yapindika, ayi. Chigubu chinali ndi madzi opitirira theka.

Amene amagwira ntchitoyi akudziwa zimene zimachitika ukapukuta galasi lakuda ndi bulashi koma osalitsukuluza. Dothi lija limangosungunuka, dzuwa n'kuliumitsa pomwepo. Mawindo asanu ndi limodzi apamwamba anasanduka mizeremizere ya matope, oipa kuposa mmene ndinawapezera, ndipo anthu a m'maofesimo ankasuzumira pansi kundiyang'ana. Mayi aja sanandikalipire. Anangofunsa mofatsa kuti, "Bambo, chida chanuchi munachiyesa musanabwere?" Funso limenelo limandipwetekabe mpaka lero.

Ndinaimba kusitolo katatu ndili pabwalo pomwepo. Koyamba sanayankhe. Kachiwiri mtsikana wina anati wodziwa za makina watuluka. Kachitatu anayankha mnyamata yemwe uja, ndipo ndisanamalize n'komwe kufotokoza anati mwina ndapsereza pampu poiyendetsa yopanda madzi, ndipo zotero waranti silipira. Ndinamuuza kuti katunduyu ali ndi masiku anayi, kuti pampu ikugwira bwinobwino ndodo ikakhala yaifupi, ndinamuwerengeranso zilembo zija. Anati ndibweretse Lolemba akaone, koma ndikonzekere kulipira. Munthu wogulitsa makina amenewa tsiku ndi tsiku anamva zilembo DE ndipo sanadziwe, kapena anadziwa koma sanafune kutaya mphindi ziwiri. Ndinapepesa kwa mayi aja, ndinamanga katundu wanga, ndipo tsikulo ndinabwerera kunyumba wopanda ndalama, mafuta nditawotcha.

Anandipulumutsa ndi achikulire ena amene anayamba kutsuka ndi ndodo kale ine ndisanaganizeko. Ndinawaimbira usiku womwewo. Atangomva za DE anati pampu ilibe vuto lililonse. Kabokosi kaja kamayang'anira mmene pampu ikuvutikira pokankha madzi. Ukatseka vavu, madzi amasowa kolowera, pampu imalemedwa, ndiye kabokosi kamaizimitsa kuti payipi isaphulike. Zilembo zija zimangotanthauza kuti kakuganiza kuti njira ya madzi yatsekeka. Tsono madzi akamakwera m'mwamba kudzera m'kapayipi kopyapyala ka m'ndodo, pampu imalemedwanso, pafupifupi bar imodzi (muyeso wa mphamvu yokankhira madzi) pa mamita 10 aliwonse okwera, osawerengera kukhuzana kwa madzi m'payipi yaitali. Ngati malire a kabokosi anatcheredwa motsika, kamaona ngati watseka vavu pomwe sunatseke. Mankhwala ake n'kutalikitsa ndodo mpaka pomwe umagwirira ntchito, kutsegula madzi, n'kutchera malirewo ndodo ili chiimire. Anandichenjezanso kuti ndisawakweze kwambiri, chifukwa ukatero pampu sizima ukatseka vavu, mphamvu imachulukana mpaka zolumikizira zimafwamphuka. Anawonjeza kuti nyengo yozizira mwina ndidzafunika kutcheranso, popeza madzi ozizira ndi payipi youma zimavutitsa pampu kuposa nthawi yotentha.

M'mawa mwake ndinayesa pakhoma la nyumba yanga. Zinanditengera mphindi zisanu. Mphindi zisanu zimene mnyamata uja akanandisonyeza pakauntala pomwe ndinamufunsa funso lenilenilo.

Ndinabwerera kunyumba ya maofesi ija Loweruka, mwaulere, ndipo apa mpamene mtima wanga unayamba kutembenuka. Kangoloko kanadutsa pa kageti kaja bwinobwino, madzi anafika pamwamba osadukiza, ndipo ndinamaliza mbali yonse yakuseri phazi langa osachoka pansi. Mawindo atauma anali mbee. Mayi aja anandipatsanso mwayi, ndipo mpaka pano ndimapitako mwezi uliwonse. Choncho ndinene chilungamo, makinawo payekha ndi abwino. Chimango chake ndi cholimba, chogwirira chimapindika kuti kalowe m'galimoto yaing'ono, ndipo chigubu chimachoka mosavuta, umangomasula lamba n'kuika china chodzaza. Kwa ine chimenechi ndicho choyamba kuyang'ana posankha. Pali tingolo tina ta thanki yomangirira imene sichoka, ndiye madzi akatha uyenera kunyamula chigubu n'kumathira, ena n'kumatayikira pansi.

Malita 25 ndi ochepa, musanamizidwe. Madzi akamatuluka malita awiri pa mphindi osatseka, chigubu chimatha kotala la ola lisanakwane. Ndinaika vavu yotseka ukakoka payipi pansi pa ndodo, ndipo ndimatseka nthawi iliyonse ndikamachoka pa zenera lina kupita pa lina. Pokhapo mpomwe chigubu chimodzi chimandikwanira nyumba wamba. Ndimayenda ndi zigubu zisanu ndi chimodzi, ndipo chilichonse ndi makilogalamu 25 oti unyamule potsitsa ndi pokweza. Bondo lapuma, koma mapewa ndi amene akugwira ntchito tsopano. Ndinaganizapo za kangolo ka zigubu ziwiri, koma makilogalamu 50 a madzi pa masitepe sindingalimbane nawo.

Mateyala opopa amene kanabwera nawo amayenda mofewa pa miyala, koma limodzi linaphwa mwezi wachiwiri nditaponda kamsomali, ndipo kukoka kangolo kodzaza ka teyala lakuphwa ndi chilango. Ndinagula mateyala osapopa. Amagwedeza pang'ono, koma sindiganizanso za pampu ya njinga. Batire ndi yamtovu yotsekedwa ija, yolemera, koma imandifikitsa madzulo bola ndiitchaje tsiku lililonse ndikaweruka. Mabatire amtunduwu sakonda kutheratu, amafa msanga. Akanakhala kuti anandisonyeza kangolo ka batire ya lithium ndikanaganizira, chifukwa kupepuka kwake kumamveka pokweza m'galimoto. Ndipo musalole chigubu kuuma pampu ikuyenda. Mpweya ukalowa, pampu imangolira osakoka madzi, mpaka umasule payipi yotulutsira kuti mpweyawo uthawe. Kasefa kamene kali pakati pa chigubu ndi pampu muzikatsegula nthawi ndi nthawi, mumadzaza tizinyalala tosaoneka ndi komwe tachokera.

Chachiwiri chimene ndikusungirabe sitoloyo chakukhosi ndi nkhani ya madzi. Njira yonseyi imadalira madzi osefedwa opanda mchere uliwonse, kuti akauma okha pagalasi asasiye madontho. Kamita ka TDS, koyezera mchere wosungunuka m'madzi, kamayenera kusonyeza 000, ndipo kakamayandikira 010 umadziwa kuti resin yatopa. Wogulitsa wosamala amayamba wafunsa kuti madzi a pampopi panu amawerenga bwanji. Mnyamata uja sanafunse. Anandigulitsa kabotolo kakang'ono ka resin, pomwe madzi a kwathu ndi amchere wambiri, ndiye resin inkatha ngati ndikuitaya dala. Madzi oterewa amafunika kudutsa kaye mu sefa ya RO, imene imachotsa mchere wochuluka, resin n'kungomalizitsa wotsalawo. Ndinagula RO kwina, ndipo tsopano resin imakhalitsa.

Anzanga amene mukuchoka pa makwerero, musadabwe mawindo akatuluka ndi timadontho ulendo woyamba ndi wachiwiri. Sopo wakale amakhala atabisala m'mafelemu ndi m'malabala a m'mphepete, ndipo madzi osefedwa amamutulutsa pang'onopang'ono. Tsukani felemu la pamwamba kaye, mulisiye likhe, kenako galasi, ndipo mutsukuluze mosaumira madzi. Muziyang'ananso kumwamba musanatalikitse ndodo. Ndodo za carbon zimadutsa magetsi, ndipo yonyowa ndiye woopsa kwambiri pafupi ndi nthambo.

Kusitolo ndinapitako patatha milungu itatu, lisiti lili m'manja, kukafuna buku la kabokosi. Ndinapeza mayi wina wachikulire wa kumbuyo kokonzera makina. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, anavomera kuti bukulo limayenera kukhala m'katoni, anandisindikizira lina, n'kundipatsanso kasefa kapadera osandilipiritsa. Anapepesa m'malo mwa sitolo yonse. Mnyamata uja anali pomwepo, anandiona, ndipo sananene kanthu.

Kangoloko ndikukapatsa nyenyezi zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha mateyala ndi buku losowa lija. Sitoloyo ndikuipatsa ziwiri, ndipo zonse ziwirizo ndi za mayi aja. Wina akafuna kugula komweko, apemphe kuti amutcherere kabokosi ndodo yake ili yotalikitsa asanatuluke pakhomo, ndipo atenge madzi a pampopi pake m'kabotolo kuti awayeze iye akuona. Ine resin, mabulashi ndi payipi ndikugula kwina, ndipo ndikadzafuna kangolo kachiwiri ka mwana wa mlongo wanga amene wayamba kundithandiza, ndidzayamba ndaimba kufunsa ngati mayi aja ali pantchito tsikulo.