watchdog ya Python: nyenyezi 4 pa 5, koma samalani ndi on_created

Ndagwiritsa ntchito watchdog, laibulale ya Python yokudziwitsa fayilo ikalowa kapena kusintha mu foda, miyezi itatu tsopano ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaona. Ine nkhani yanga inali yoti sikana imaponya ma PDF mu foda imodzi tsiku lonse, ndiye ndimafuna pulogalamu yanga izingowatola yokha, kuwasintha dzina nkuwasamutsa, osati ine kumangosuzumira mu foda kuona ngati mwalowa kanthu. Poyamba ndinalemba ka loop koyang'ana foda masekondi 5 aliwonse, kamagwira ndithu koma mafayilo atachuluka kanayamba kulemera.

Kuyika kwake sikuvuta, pip install watchdog basi, kenako Observer (yoyang'anira foda) ndi handler yako (khodi yonena zoti zichitike fayilo ikalowa), mizere yosakwana 20 zayamba kuyenda. Chomwe chandisangalatsa kwambiri nchoti siimangozungulirazungulira ayi, imadikira sisitimu iiuze kuti mwalowa fayilo, pa Linux imadalira inotify, pa Mac FSEvents, pa Windows ReadDirectoryChangesW, ndiye khodi yomwe ndinalemba pa laputopu ya Windows ndinangoikopera pa seva ya Linux nkusintha path yokha.

Koma abale pa on_created mpamene ndinavutikira. Iyo imakudziwitsa fayilo ikangooneka mu foda, osati ikamaliza kulembedwa. PDF ya masamba 40 sikana ikadali mkati kulemba, pulogalamu yanga yaitola kale, kukatsegula ndikupeza ikukana, ina 0 KB kumene. Tsiku lonse linatha ndikufufuza, ndimaganiza kuti sikana ndiyo yawonongeka. Pano ndimayeza kukula kwa fayilo, kudikira masekondi awiri nkuyezanso, ngati sikunasinthe ndiye ndimaitola. A Linux muli ndi mwayi, kuli on_closed yomwe imabwera fayilo ikatsekedwa, koma pa Windows musaidalire.

Chinanso, ngati foda yanu ndi ya madawunilodi, Chrome imayamba kulemba fayilo ngati .crdownload nkudzaisintha dzina pomaliza, ndiye dzina lenilenilo limabwera pa on_moved, yomwe imakudziwitsa fayilo ikasamutsidwa kapena kusinthidwa dzina, mukangodikira on_created yokha muphonya.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi ya foda za pa netiweki. Fayilo ikaponyedwa kuchokera pa kompyuta ina inotify siimva chilichonse, ndinachita kusinthira ku PollingObserver, komwe ndi kuyang'ana pafupipafupi komwe ndimathawa kuja. Koma pa foda ya mu kompyuta momwemo sinandiphonyerepo fayilo ngakhale imodzi, ndipo sabata ino ndikuiyikanso pa foda ya ma invoisi.